Zipolopolo Ziwiri Zoyamba

Inzino, Gardone
Lolemba, 11 Novembala 2019

Okondedwa achimwene a Giovita,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu a Pierina ndi ana onse kumeneko ku Wollongong. Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pafoni inu mumakuwa, ine ndimakuwa, mapeto ake timangofunsana za nyengo n'kudula. Zimene ndikufuna kunenazi si zokuwa. Komanso mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, ndiye pamene ndalakwitsa muzingodumphapo.

Kuno kuzizira kwayamba. Mtsinje wa Mella wadzaza, madzi ake ofiira ngati dzimbiri. Mwezi watha tinaika Ottorino, mnzanu uja munkaba naye mphesa kwa ansembe. Anagwa m'munda mwake, khasu lili m'manja. Tsiku la akufa tinakatsuka manda a bambo ndi mayi, ndi a mlamu wanu Angiolina. Ndati tinakatsuka, koma anatsuka ndi mwana wanga wamkazi Loredana, ine ndinangoima ndi ndowa. Mwana wanga wamwamuna Mauro akadali ku Milano, akugulitsabe inshuwalansi. Anatumiza maluwa.

Nkhani imene ndalembera ndi ya mfuti.

Mwezi wa Malichi kunabwera Ermes Cotelli, mdzukulu wa a Cotelli ophika buledi aja. Iyeyu amayendetsa basi ya ku Brescia, koma Loweruka ndi Lamlungu ndi wa mipikisano yowombera, ndipo dzanja ali nalo, sindingamunamizire. Anabwera ndi mfuti ya m'manja yatsopano, ya mamilimita naini, yachitsulo chokhachokha, zija zimadzikokera zokha chipolopolo china choyamba chikatuluka. Anaiika pa benchi ya bambo n'kunena kuti, "A Tarcisio, fakitale yachita mbali yake. Tsopano ndikufuna ikhale mfuti." Amafuna mpope wa mfutiyo ukhale bwinobwino osagwedera, chitsulo chapamwamba chiziyenda mosalala, timatabwa ta pachogwirira tikhale toyenerana ndi chikhatho chake. Koma chachikulu amafuna chokhethemulira, chija umakoka ndi chala powombera, chipepuke, chifike kilo imodzi ndi magalamu zana, osapitirira.

Ndinavomera. Ndimayenera kukana.

Achimwene, dzanja langa lamanja likunjenjemera. Ndalemba, ndi limenelo. Linayamba chaka chimene anamwalira Angiolina, ndinkati ndi chisoni chabe, chitha. Chisoni chinachepa, dzanja silinasiye. Ndi zija za bambo. Adokotala anandiuza dzina lake lalitali ndipo anandipatsa mankhwala, koma ine dzina sindikulifuna, matendawo ndinawaona ndi maso anga pa tebulo lathu lomwe, supu ikutayika pa malaya a bambo ife tikuyang'ana kumbali. Ndinasiya kumwa khofi kubala chifukwa kapu imalira pa kambale, anthu n'kumacheuka. Galimoto ndinauza anthu kuti yawonongeka. Sinawonongeke. Dzanjalo ndimayenda nalo m'thumba ngati munthu wakuba.

Ntchito zina za mfuti ya Ermes ndinazitha, pang'onopang'ono, m'mawa dzanja lisanadzuke bwino. Mpope ndinaukhazika. Timatabwa ndinasema. Koma kenako ndinafika pa kadzino. Inu mwatha zaka makumi asanu mukusungunula zitsulo za eni kumeneko, mwina munaiwala, ndiye ndikukumbutseni. Ndi kachitsulo kaja kangati njere ya mpunga kamene kamagwira kanyundo kuti kasagwe mpaka chala chitakoka. Ukakasiya kokhakhala, mfuti imauma ngati chitseko cha khola. Ukakanola kupitirira, ngakhale pang'ono ngati tsitsi, kamataya kanyundo kokha, mfuti n'kumangolavula zonse zili m'magazini chala chitakoka kamodzi.

Ndinawononga timano titatu. Ine Tarcisio, amene anthu ankabwera kuchokera ku Torino kudzandidikirira pakhomo. Koyamba ndinati mwala wonolera ndi woipa. Kachiwiri ndinati magetsi akuchepa. Kachitatu ndinangokhala pampando mpaka belu la masana. Kutaya m'bini sindikanatha, anthu amaona. Ndinatiika m'thumba la buluku.

Loredana amabwera Lamlungu lililonse kudzandiphikira ndi kutenga zochapa. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri tsopano, imvi zayamba, akadali kufakitale ya mipopi ya madzi ku Lumezzane. Lamlungu lina mu Okutobala anandiikira mbale ya kazoncheli, zija za ufa zokhala ndi nyama m'kati, kenako pambali pa mbaleyo anaikapo timano titatu tija, mondandalika.

"Bambo, izi ndazipeza m'buluku."

"Zinyalala izo," ndinatero. "Chitsulo cha masiku ano n'chofewa ngati tchizi."

"Chitsulo chilibe mlandu."

"Iwe za mfuti ukudziwapo chiyani? Si ndiwe wa mipopi ya kubafa?"

"Idyani, zizizira."

Titatha kudya sanatsuke mbale. Anatsika kushopu, ine pambuyo ndikukalipa. Anatenga epuloni yanga pamsomali n'kuvala, kenako anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa kansalu. M'kansalumo munali katupa kachogwirira chofiira.

Mukukakumbukira, sindikukayika. Chaka cha 1984, mutabwera kudzaona manda a bambo, munapeza kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri kali pa vayisi yopanira zitsulo kakusula kiyi wa khola la akalulu. Munatenga kiyiyo, munaiyang'ana nthawi yaitali, kenako munamupatsa katupa kanu n'kundiuza kuti, "Tarcisio, mwana wa dzanja m'nyumba muno ndi uyu, osati Mauro." Ine ndinati pa benchi ya bambo sipanakhalepo siketi ndipo sipadzakhala. Ndinamulanda katupako n'kukaponya m'bokosi la zitsulo zotaya. Mawu amene tinauzana tsiku limenelo sindiwalemba. Munanyamuka osadya nyama imene tinakuotcherani, ndipo m'thumba la jekete munatenga chidindo cha bambo, chija cha tsamba, chimene ankadinda kunsi kwa kathabwa ka mfuti iliyonse yotuluka m'manja mwawo. Mayi anati n'chanu, ndinu woyamba kubadwa. Pageti munati, "Ndidzakutumizira tsiku limene udzandiuze kuti wapeza wochiyenera." Ine ndinasula changa cha chilembo T, n'kumadikira kuti Mauro akule.

Katupako anakatola ndi Angiolina tsiku lomwelo. Zaka makumi atatu ndi zisanu, akazi awiri m'nyumba mwanga, ine osadziwa.

"Sunthani, bambo," anatero Loredana. "Mukutchinga kuwala."

Ndinatuluka mokwiya, ndinapita kumunda kukazula kabichi amene sanakhwime n'komwe. Koma zenera la shopu linali lotsegula, ndipo ine ntchito ndimaimva ndi khutu. Ndinamva katupa kawiri katatu, kenako mwala. Kukoka katatu mbali imodzi, kuima, kupukuta. Kukoka katatu, kuima, kupukuta. Achimwene, kabichi ndinamusiya pomwepo. Kanali kanoledwe ka bambo. Nditasuzumira ndinapeza wayatsa kandulo, akudetsa kadzino ndi mwaye kuti aone pamene zitsulo zikukhudzana, ngati mmene ankachitira iwo. Masiku ano anthu amapaka inki, za kandulo palibe amazidziwa.

Ndinamufunsa kuti anakuphunzitsa ndani. Sanadzutse mutu. Anati, "Inu nomwe. Zaka zonse munkaphunzitsa Mauro ine ndinkaima pakhomopo ndi tsache. Mauro ankayang'ana wotchi, ine ndinkayang'ana manja anu." Kenako ndinamva kuti kufakitale kwawoko iye si wa mipopi ayi, ndi amene amamalizitsa zikombole ndi manja makina akalephera, ndipo akhala akumupatsa ntchito imeneyo zaka makumi awiri. Sindinkadziwa. Sindinamufunsepo.

Zinamutengera Malamlungu atatu. Lamlungu lachitatulo tinakoleka sikelo pa chokhethemulira. Kilo imodzi ndi magalamu zana. Tinayesa kakhumi, kakhumi konse chimodzimodzi. Ndinamenya chogwirira ndi nyundo yamphira, ndinasiya chitsulo chapamwamba chimenyeke chokha, kanyundo sikanagwe. Mukudziwa zimene ndinanena? Sindinati zikomo. Ndinati, "Usauze munthu."

Iye akuvula epuloni anati, "Angandifunse ndani, bambo?"

Mawu amenewo andivuta kuposa dzanjali.

Tsopano ndifike pa Loweruka lapitali, tsiku loyesa mfuti. Lamulo la bambo mukulidziwa, inu munalipo pamene linabadwa, ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mmisiri uja wa kutsidya kwa mlatho ananola kadzino, anadzaza magazini n'kupatsa mwini mfuti kuti ayambe yekha. Zipolopolo zisanu ndi ziwiri zinatuluka kamodzi, mfuti ikukwera m'mwamba, chomaliza chinalowa pansi pa chibwano cha munthuyo. Pobwera kumaliro bambo anatiimika pa benchi n'kunena kuti m'shopu muno mfuti yonoledwa imayamba ndi zipolopolo ziwiri zokha, ndipo ziwiri zimenezo amawombera ndi amene wanola. Ngati kadzino kakufuna kutaya, katayire m'dzanja la mwini ntchito. Ine lamulo limeneli sindinaliphwanyepo zaka makumi asanu ndi limodzi, chigwa chonse chikudziwa.

Loredana anandiperekeza pa galimoto yake kubwalo lowombera, kuja ankaphwanya miyala kale. Ine ndinali nditapangana ndi mtima wanga kuti ziwiri zokha ndi zochepa, ndimwa mankhwala m'mawa, ndigwira ndi manja awiri, ndiwombera msangamsanga, zitha. Titafika iye anatsala kumpanda, atanyamula chikhothi changa.

Anthu analipo asanu ndi awiri kapena atatu, Ermes anali atalengeza kubala. Woyang'anira bwalo akadali Tino Gonthi, Faustino uja wa kwa a Rosa. Wakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, makutu anatheratu ndi mfuti, koma pakamwa mpomwe pali moyo. Atandiona anakuwa kuti, "Taonani, akufa auka! Iwe Tarcisio, ndimayesa unagulitsa tupa n'kugula kolona!"

"Kolona ndagulira iwe," ndinatero, "uzikawerengera machimo, ngakhale mikanda yake ichepa."

"Wati chiyani?"

"Ndati wakalamba!"

"Eya, kwazizira zedi," anatero, anthu n'kuseka.

Ndinatsegula bokosi ndi dzanja lamanzere. Achimwene, mfutiyo ndi yokongola. Ine sindikonda kuyamikira chitsulo, koma ndi yokongola. Yakuda bii, timatabwa tofiirira, yolemera kutsogolo pang'ono ngati mmene amafunira a mipikisano. Ermes anangoti "Mayi Maria," n'kubisa manja kumbuyo ngati mwana pa sitolo. Tino anaika zipolopolo ziwiri pa tebulo, moimika, osafunsa. Amadziwa.

Kulowetsa ziwirizo m'magazini kunanditengera nthawi, koma ndinawafulatira. Ndinavala zotseka m'makutu. Chandamale chinali pa mamita makumi awiri ndi asanu. Ndinakoka chitsulo chapamwamba, chinayenda ngati palibe chikukhudza chinzake. Ndinakweza mfuti.

Kansonga koyang'anira kanayamba kuvina. Kumanzere, kumanja, pansi, kunja kwa pepala. Ndinafinya ndi dzanja lamanzere, kuvina kunakwera mpaka m'chigongono. Ndinatsitsa, ndinapuma, ndinakwezanso. Chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Chala ndinachisiya kunja, chifukwa ndinadziwa kuti pa kilo imodzi dzanja lotere likhoza kuwombera lokha ine ndisanalamule.

Kumbuyo Tino anakuwa, "Iwe, ukudalitsa chandamale ngati ansembe? Wombera, tikamwe vinyo!"

Mmodzi anaseka. Kenako kunangoti zii. Ngakhale ndi zotseka m'makutu ndinamva kuti kwati zii. Onse anaona, ndipo Tino naye anaona, chifukwa anabwera pafupi, nkhope itasintha, n'kundigwira paphewa. Amayesa akunong'ona koma gonthi sanong'ona, bwalo lonse linamva. Anati, "Ndi kuzizira uku, mnzanga. Ngakhale ine zala zauma. Mupatse Ermes ayambe yekha, ndi mfuti yake, palibe anganene kanthu."

Ermes anafulumira, munthu wabwino. "Zoona, a Tarcisio, ntchito yanu ndani angaikayikire? Bweretsani."

Njira inali imeneyo, yotseguka, anzanga atanditsegulira ndi chifundo. Ndikanangomupatsa, tikanapita kukamwa vinyo, dzina langa likanatsala pamene linali. Ndipo ndikuuzeni zoona, dzanja langa linayamba kale kupita kwa iye. Koma ndinayang'ana chibwano cha Ermes. Anali atadzicheka pometa m'mawa umenewo, kachilonda kakang'ono pansi pa chibwano penipeni. Ndinachotsa magazini, ndinakoka chitsulo, chipolopolo chinagwera pa tebulo. Ndinagoneka mfuti.

Ndinati, "Amayamba ndi amene wanola."

"Ndiye yamba!" anatero Tino.

"Sindinanole ine."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindinanole ine."

Anaika dzanja kukhutu. "Kweza mawu, mdala iwe, ukulankhula ngati uli m'kachipinda koululira machimo!"

Achimwene, Mulungu ali ndi njira zake. Chinthu chimene ndinalephera kunena m'khitchini mwanga kwa munthu mmodzi, anandikuwitsa m'chigwa cha miyala mpaka phiri linabweza. "SINDINANOLE INE! DZANJA LANGA LINATHA! WANOLA NDI LOREDANA!"

Tino anati, "Ooo." Kenako anati, "Nanga ukukuwiranji?" Koma palibe anaseka.

Ndinacheukira kumpanda. "Lore, bwera kuno."

"Ine ndangobweretsa galimoto, bambo."

"Wanola ndani?"

Anangofinya chikhothi changa, ine ndinafunsanso.

"Lamulo la agogo ako ukulidziwa kapena sukulidziwa?"

Anakoleka chikhothi changa pa waya n'kubwera. Tino anamufunsa za chiphaso cha mfuti, chifukwa pa zimenezo saseka, iye anatulutsa m'kachikwama. Nachonso sindinkadziwa kuti ali nacho. Anavala zotseka m'makutu zanga, analowetsa ziwiri zija, anaima miyendo motalikirana ngati bambo ake aakulu, inuyo. Ine ndinaima kumbuyo kwa phewa lake, pamene ankaima bambo. Pemphero limene ndinapemphera si la m'buku.

Phaa.

Kenako chete. Chete ameneyo, achimwene, ndiye ntchito yonse. Kanyundo kanabwerera n'kukhala, kadzino katagwira. Ndinawerenga mumtima, modzi, wiri, tatu.

Phaa.

Chitsulo chapamwamba chinatsalira kumbuyo, mfuti yopanda kanthu. Anaikamo zitatu. Kenako zisanu. Kenako anadzaza. Chilichonse chimatuluka pa nthawi yake, chala chikaitana. Atatha anaigoneka pa tebulo, anabwerera m'mbuyo n'kunena kwa Ermes, "Ndi yanu, bambo Cotelli."

Ermes nkhope inali itagwa, sindikubisirani. Anati, "Ine ndadikira miyezi isanu ndi itatu kuti ndipeze manja a Tarcisio."

"Manja a Tarcisio ndi awa," ndinatero, n'kuwatulutsa onse awiri kuti awaone bwino. "Ukuwafuna? Wombera kaye, uzidandaula pambuyo."

Anawombera khumi, modekha. Choyamba chinamudzidzimutsa, chinatuluka iye akuyesa kuti chala chikadali pa ulendo, anatukwana pang'ono. Kuyambira chachitatu ndinaona mapewa ake akutsika. Mfutiyo sidumpha, imangogwedeza mutu n'kubwerera pamene inali. Makoko a zipolopolo onse amagwera malo amodzi, kumanja kumbuyo pang'ono, mpaka Tino anavula chipewa n'kuchiika pansi pamenepo, asanu ndi limodzi analowa m'chipewamo. Titapita kukaona pepala, mabowo onse khumi anali pamodzi, kumanzere pang'ono kwa pakati. Tino anathamangira m'kanyumba kake, anabwera ndi kakapu ka khofi n'kukavundikira pamenepo. Onse anabisika. Ine pa moyo wanga mfuti yotere ndatulutsapo ziwiri, mwina zitatu.

Ermes anawomberanso makumi asanu, mofulumira, ziwiriziwiri ngati pa mpikisano. Sinakakamire ngakhale kamodzi. Zolakwika zilipo, mfuti yatsopano siyisowa. Ikupita kumanzere, koyang'anira kakumbuyo kakufunika kusuntha pang'ono. Kabatani kotulutsira magazini n'kouma. Ndipo kachitsulo kotsekera kanamudya Ermes pachala chachikulu mpaka kufiira. Zitatu zonsezo ndi ntchito yanga, osati ya Loredana. Iye ndi amene anaona chalacho, anachigwira n'kunena kuti, "Mphepete iyi ndiisalaza, mphindi khumi."

Ermes anamuyang'ana, kenako anati, "Mayi, chokhethemulirachi mwachichita bwanji? Chikuthyoka ngati kagalasi kopyapyala, ndipo ukangobweza chala pang'ono chagwira kale."

"Kandulo," anatero Loredana.

"Kandulo?"

"Funsani bambo."

Pamenepo Ermes anatulutsa sikuludiraiva m'thumba n'kumasula kathabwa kakumanzere, ngati mmene amachitira aliyense wolandira mfuti kwathu, kufuna kuona chidindo. Anapeza chitsulo choyera. Ndinali nditayesa kudinda T wanga Lachisanu, ndinaika chidindo, ndinakweza nyundo, koma ndinaibweza. Ndinadziuza kuti ndikuopa kuphonya. Sichinali chifukwa chimenecho chokha.

"Palibe dzina," anatero Ermes.

"Langa silingakhalepo."

"Nanga la mayiwa?"

"Alibe chidindo."

Anabwezera kathabwa, anapukuta mfuti ndi kansalu, anaiika m'bokosi n'kukankhira bokosilo kwa Loredana, osati kwa ine. Anati, "Ine mfuti yopanda dzina sindinyamula. Mpikisano waukulu uli pa 15 Disembala. Ikadzakhala ndi dzina mundiitane. Ikapanda kutero ndikapita ndi yakale."

Anthu atayamba kupita kukanyumba kwa Tino kukamwa, Loredana anandikoka mkono. Anatsegulanso bokosi, anatenga chipolopolo chimodzi. Chimodzi, achimwene, ngati mmene timachitira ndi mwana amene akuyamba kumene. Anaika thumba la mchenga pa tebulo, anandikhazika pampando, anagoneka manja anga pa thumbalo, kenako anaika dzanja lake pamwamba pa langa lamanja n'kupanikiza. Dzanja lake ndi lolimba, lokhakhala, lili ndi zipsera zimene sindikudziwa kuti anazitenga liti. Kunjenjemera kunachepa, sikunathe koma kunachepa.

"Simungaweruze ntchito musanailawe," anatero. "Ndi mawu anu amenewo."

Ndinaika chala. Palibe kukwekwesa, palibe kutafuna, palibe kaulendo kobisika. Pali khoma, ukalikankha pang'ono, khomalo palibe. Kumene chipolopolo chinapita sindikudziwa, sindinayang'ane. Ine ndanola timano topitirira zikwi ziwiri, ndikudziwa zimene ndikunena. Kanga kabwino kwambiri, kaja ndinapangira msilikali wa ku Verona mu 1991, sikafika pamenepa. Ka bambo kaya. Mwina.

Anandifunsa, "Bwanji?"

Ndinati, "Kabatani ka magazini n'kouma."

Anati, "Ndamva, bambo," n'kuyamba kulongedza.

Ndi mmene ndilili, mukundidziwa. M'galimoto ndinatsegula pakamwa kawiri, pa mlatho ndi pa tchalitchi, mawu osatuluka. Iye anangoti ndaiwala kumwa mankhwala a masana. Atanditsitsa anatenga bokosi la mfuti n'kukalitsekera yekha m'kabati yachitsulo, kiyi anaika m'thumba lake. Sindinamuletse.

Ndiye pempho langa ndi ili. Munati mudzatumiza tsiku limene ndidzakuuzeni kuti ndapeza wochiyenera. Sindinamupeze ine, munamupeza ndinu, ine ndangochedwa kuvomera ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Munanena zoona, achimwene. Ndinalakwa, kwa inu ndi kwa mwana. Ngati chidindo cha bambo chikadalipo, ngati simunachitaye posamuka nyumba, chitumizeni. A positi akuti kuchokera kwanuko ndi masabata atatu ngati mulipira yachangu, ndiye musachedwe nacho, Ermes akudikira. Muchikulunge m'kansalu ka mafuta, nsonga ya tsamba ija ndi yosachedwa kubenthuka. Loredana akhoza kusula chake tsiku limodzi, ndikudziwa, ndipo chingakhale chokongola kuposa cha bambo. Koma ine ndikufuna chimene ndinamumana.

Za kalatayi sindinamuuze. Lamlungu anabwera ngati kale, anaphika, kenako anatsika kushopu osapempha. Kachitsulo kotsekera wasalaza, kabatani wafewetsa. Ine ndinamugwirira nyale. Ntchito imeneyo ndikuitha, kuwala kumangovina pang'ono, iye sadandaula.

Za dzanjali musade nazo nkhawa kwambiri, ndipo musamuimbire Mauro, ndimuuza ndekha pa Khirisimasi. Ndikudya, ndikuyenda, kubala ndabwererako dzulo. Kapu inalira pa kambale, Tino anati bola ine ndili ndi belu, akandisowa azidziwa kumene ndili. Adokotala akuti zimayenda pang'onopang'ono. Bambo zinawatengera zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndatha zitatu. Sindikunena kuti mubwere, ulendo ndi wautali ndipo mawondo anu ndikuwadziwa. Ndikungonena kuti chipinda chanu chilipo, ndipo nyama imene munaisiya ija tikhoza kuotcha ina.

Mundiperekere moni kwa alamu a Pierina, muwauze kuti mtengo wa mapeyala umene anabzala kuseri kwa shopu ukubalabe. Moni kwa Claudio ndi Marisa ndi adzukulu amene ndimangowaona pa zithunzi. Tino akuti ndikuuzeni kuti mukadali ndi nkhope yoipa, ngakhale sanakuoneni chiyambire 1984.

Kalatayi ndinaiyamba Lolemba, lero ndi Lachinayi. Pamene zilembo zadumphadumpha musanamizire cholembera.

Pa phukusipo musalembe dzina langa. Mulembe lake, lonse, Loredana Belleri, ndipo pansi pake mulembe kuti Shopu ya Mfuti, Inzino. Wa positi akafika ndikufuna adzafunse kuti mwini shopu ndi ndani, ine ndidzamulozere. Mawu amene anandikanika pa mlatho aja mwina adzatuluka tsiku limenelo. Akadzakanikanso, tsamba la bambo lidzanena.

Ndine mng'ono wanu wouma mutu,

Tarcisio